Kupenta galimoto m'galaja ku England: malo mulibe, dzuwa kulibe, neba ali pawindo

Kwathu munthu akafuna kusintha penti ya galimoto safunsa za nyengo. Amapita nayo kwa amisiri ku Biwi kapena ku Ndirande mwezi wa Okutobala, anyamata akwecha kuyambira m'mawa, apopera pabwalo pomwepo, ntchito yotsala limaliza ndi dzuwa. Kafumbi kamateramo ndithu, koma penti imauma gwaa. Tsono m'bale wathu wafika kuno, wagula BMW E46 yotopa pamtengo wozizira, wakafunsa kwa opopera penti, amutchulira mapaundi masauzande angapo, kuposa ndalama imene anagulira galimotoyo. Abwerako mtima uli phwii, amvekere: ndipenta ndekha m'galaja. Abale anga, zimatheka, koma dziwani kuti pa zimene zidzakulizeni, penti ndi yochepa. Zambiri ndi za dziko lino.

Yambani ndi galajayo. Magalaja akale a kuno ambiri ndi a mamita 2.4 m'lifupi ndi 4.9 m'litali, anamangidwa magalimoto adakali ang'onoang'ono. E46 ndi ya mamita pafupifupi 1.74 m'lifupi. Mukailowetsa pakati mwatsala ndi masentimita 30 okha mbali iliyonse, pamene gani yopoperera iyenera kutalikira masentimita 15 mpaka 20 kuchokera pachitsulo, kuonjezapo gani yomweyo, mkono wanu ndi paipi ya mpweya ikukukokani kumbuyo. Mudzapukuta penti yaiwisi ndi msana. N'chifukwa chake odziwa amamasula boneti, zitseko, mabampala ndi chitseko cha buti n'kupopera chilichonse pachokha. Koma apanso pali msampha. Penti ya metallic, monga siliva uja wa Titansilber amene nambala yake ndi 354, ili ndi tizitsulo timene timagona mosiyana pachinthu chogoneka ndi choimika. Chitseko chikapoperedwa chogona patebulo, tsiku lochibwezera pagalimoto mudzaona mitundu iwiri. Chimene chimaima pagalimoto chipoperedwe choima, tsiku limodzi, ndi penti ya m'chitini chimodzi.

Amene mukuganiza zobwereka galaja ya khonsolo, ija ya m'mizere kuseri kwa mafulati, werengani kaye pepala la mgwirizano. Ambiri mulibe magetsi, ndipo kawirikawiri amaletsa kukonzeramo galimoto kapena kusungamo zinthu zoyaka msanga. Kuitulutsa pamsewu kuti mupeze malo? Ngati munailembetsa SORN, ndiye kuti munauza boma kuti siyenda pamsewu, kuti musamalipire msonkho ndi inshulansi, galimotoyo siloledwa kuima pamsewu wa boma ngakhale usiku umodzi.

Dzimbiri la kuno si la kwathu. Nthawi yachisanu amamwaza mchere m'misewu, ndipo mcherewo umakakhala ndi matope kuseri kwa madigadi chaka ndi chaka. Kathuza kamene mukukaona pamphepete pa gudumu lakumbuyo ndi mutu chabe, thupi lili mkati, chitsulo chadyeka kuchokera kuseri. Kumata fila, phala lija lodzazira maenje pachitsulo, pamwamba pake ndi kuwotcha ndalama, pofika Febuluwale kathuza kadzukanso. Podyeka padulidwe, pawotchereredwe chitsulo chatsopano. Ndipo wa MOT, woyeza galimoto chaka ndi chaka ngati ili yoyenera kuyenda pamsewu, sanyengedwa ndi kuwala: dzimbiri loboola pafupi masentimita 30 ndi pomangira lamba wapampando kapena sasipenshoni, galimoto yalephera basi.

Ntchito yeniyeni ndi kukwecha, ndipo imatenga masabata pamene kupopera kumatenga tsiku limodzi. Musanagwire sandipepala tsukani galimoto yonse, kenako ipukuteni ndi mankhwala ochotsa mafuta aja amati panel wipe, nsalu imodzi yonyowetsa ina youmitsa, apo ayi mukwechera polishi wakale m'malo okandika. Pachitsulo chosavala ndi pafila yambani ndi sandipepala yokhakhala ya P80, mutsirize ndi yosalalako ya P180. Fila amafuna hadina (mankhwala omulimbitsa) pang'ono, magawo 2 kapena 3 pa 100 alionse. Mukachulutsa, banga lake limadzatulukira pamwamba pa penti yowala patapita masabata. Chitsulo chosavala chisagone usiku m'galaja ya kuno, m'mawa mudzachipeza chachita kafiira. Chiphimbeni ndi pulayima ya epoxy tsiku lomwelo. Pamwamba pake pabwere pulayima yokhuthala, imene zitini zambiri zimati musakanize 4 kwa 1 ndi hadina, pagani ya nozulo 1.8, mupopere magawo awiri kapena atatu, lina pamwamba pa linzake. Ikauma wazani kautoto kakuda pamwamba ndipo mukweche ndi thabwa lathyathyathya, osati ndi zala, chifukwa zala zimakumba tingalande. Pamene kakuda kakana kuchoka ndiye kuti pali dzenje. Malizani ndi P400 ngati mtundu ndi wamba, P500 kapena P600 ngati ndi metallic, poti siliva saphimba pokandika, amapaonetsa.

Tsopano magetsi. Pulagi ya kuno ili ndi fyuzi ya 13 amp, ndiye malire ake ndi pafupifupi 3 kW. Kompuresa yaikulu imene mungalumikize pamenepo ndi ya 3 HP, ndipo nayo m'mawa kukazizira, mafuta ake atakhuthala, imaphulitsa fyuzi podzuka, makamaka mukaiyika pawaya wautali wokulungidwa. Pabokosi alemba 14 CFM (muyeso wa kuchuluka kwa mpweya pa mphindi imodzi), koma umenewo ndi mpweya umene imameza. Umene umafika pagani ndi 9 kapena 10. Gani ya HVLP imafuna woposa pamenepo, ndiye mukafika pakati padenga la galimoto mpweya watsika, penti ikutuluka madontho akuluakulu, pamwamba pakuchita ngati khoko la lalanje. Gani ya LVLP imadya mpweya wochepa ndipo ndi imene imayenerera kompuresa ya kunyumba, ngakhale imachedwetsa. Paipi ikhale ya mamilimita 10 mkati, osati kaja kopyapyala kopopera matayala. Tsegulani pansi pathanki tsiku lililonse muone madzi amene amatuluka, mudzadabwa. Chosefera madzi chikhale patali ndi kompuresa, mpweya utazizira kale, chifukwa mpweya wotentha umadutsa nayo nthunzi osaisiya.

Anyamata a pa YouTube amene amapopera atavala kabudula ku Arizona akutinamiza ife a kuno. Zonse zolembedwa pachitini, mphindi zodikira pakati pa magawo, maola oumira, anaziyesa pa madigiri 20. Galaja ya ku Leicester kapena ku Manchester mwezi wa Novembala ili pa 5 kapena 6, makoma akuchucha. Pansi pa madigiri 10 penti ya hadina imangoti zii osalimba, patapita sabata chikhadabo chikulowabe. Thinazi akamauluka amaziziritsa chitsulo, mame osaoneka n'kuterapo, penti n'kuchita mbuu ngati mwathira mkaka. Chitsulocho chiyenera kufunda madigiri 3 kuposa pamene mame amayambira kugwa, osati mpweya wokha. Ena amathamangira hita ya gasi. Imeneyo imatulutsa nthunzi ya madzi yambiri, komanso ndi moto weniweni m'chipinda chodzaza thinazi. Nyumba zina kuno boyila ili m'galaja momwemo, yang'anani kaye musanatsegule chitini. Funditsani ndi hita yamagetsi ija ya mafuta otsekeredwa mkati usiku wonse, muzimitse popopera. Nzeru ya kwathu yothira madzi pansi kuti fumbi ligone, kuno isiyeni, chinyezi chilipo kale chokwanira. Sesani dzulo lake, pachikani mapulasitiki m'makoma ndi kudenga kumene akangaude amagwetsera zinyalala. Kunena zoona, miyezi yopopera ndi Meyi mpaka Seputembala, ina yonseyo ndi yokwecha.

Apa tsopano tisaseke. Hadina wa penti ya 2K (ija yosakaniza ndi hadina), ndi wa clear yemwe (vanishi yothira pamwamba pa mtundu), muli mankhwala a isocyanate, amene bungwe la HSE, loona za umoyo ndi chitetezo pantchito, limawatchula pakati pa zinthu zobweretsa kwambiri mphumu ya kuntchito m'dziko lino. Kuipa kwake n'koti mphuno siikuchenjezani: pamlingo umene akuwononga mapapo simumva fungo lake. Thupi likangowakana, ndi mpaka kale, kafungo kochepa chifuwa chatseka, ndipo nthawi zina chimatseka usiku muli m'tulo, maola atapita. Kansalu kapamphuno sikathandiza. Ngakhale chigoba cha makala chija cha A2P3 si chimene HSE imavomereza popopera 2K. Chofunika ndi chigoba cholandira mpweya wabwino kudzera m'paipi, ndipo chimenecho chokha chimadya 6 kapena 7 CFM pakompuresa yomwe ija ikulephera kale kudyetsa gani, kuonjeza zosefera zake, komanso kompuresa iyenera kukoka mpweya panja. Nkhungu ya penti imakhalabe m'chipinda nthawi yaitali mutasiya kupopera ngakhale maso sakuiona, ndiye chizolowezi chotukula chigoba kuti muone ngati yawala ndi chimene chimapweteka anthu. Ngati galaja ili ndi chitseko cholowera kukhitchini, ana anu akupuma zomwezo. Zitini zimenezi amalemba kuti n'za amisiri okha, ndipo sanalembe mwachipongwe. Amene alibe zida zimenezi amalize zonse zokwecha kunyumba, apite nayo kwa amene ali ndi chipinda chopoperera kuti akangothira mtundu ndi clear. Mtengo umatsika kwambiri chifukwa chimene amalipiritsa kuno ndi maola a munthu.

Kwa amene zida zilipo, tsikulo limayenda motere. Nozulo 1.3, mpweya pafupifupi 2 bar pachogwirira gani mutakanikiza. Mtundu ambiri amasakaniza 1 kwa 1 ndi thinazi, clear 2 kwa 1 ndi hadina, koma mawu omaliza ndi a pepala la kampani imene yapanga, ndipo musasakanize hadina wa kampani ina. Galimoto ya msinkhu uwu konzani malita 3 a mtundu ndi chitini cha malita 5 cha clear, kutsala kuli bwino kusiyana ndi kuperewera pachitseko chomaliza Loweruka madzulo mashopu atatseka. Sefani penti, pukutani ndi kansalu komata fumbi, yesani papepala kaye. Mzere uliwonse uphimbe theka la unzake, dzanja liyende mowongoka osapinda pamfundo. Dikirani mphindi 10 mpaka 15 pakati pa magawo, kuzizira kukakhalapo onjezani. Mukafulumira, thinazi wotsekeredwa pansi amaboola pamwamba tizibowo ngati ta singano. Mukaona timaenje ngati maso a nsomba, ndiye silikoni, ndipo nthawi zambiri wachokera ku mankhwala owalitsira matayala amene wina anapopera m'galajamo mwezi watha. Clear ikachita misozi musaigwire, isiyeni iume, mudzaisalaze ndi P1500, P2000 mpaka P3000 kenako polishi.

Ndiye pali neba. Kwathu akanabwera ndi mpando kudzaonerera, mwina n'kugwirako sandipepala. Wa kuno sakuuzani kanthu, amakupatsani moni akumwetulira, koma wajambula kale nkhungu ikutuluka pansi pachitseko ndipo walembera khonsolo. Lamulo la Environmental Protection Act la 1990 limapatsa khonsolo mphamvu pa phokoso ndi nthunzi za mankhwala zosowetsa anthu mtendere, ndipo kompuresa yolira Lamulungu m'mawa ndi yokwanira kubweretsa kalata. Nkhungu ya clear ikatera pagalimoto yake, galasi n'kumakhakhala ngati mchenga, bilu ndi yanu. Landilodi akadzapeza pansi pagalaja pali siliva, dipoziti yapita. Thinazi wotsala sathiridwa m'ngalande, amapita kumalo otayira zinyalala a khonsolo, kumene m'madera ena muyenera kubukitsa tsiku. Mukasintha mtundu, lembani pa V5C, pepala la kaundula wa galimoto, mutumize ku DVLA, ofesi yolembetsa magalimoto, ku Swansea, ndipo a inshulansi auzidwenso. Phula lowalitsira musapake mpaka patapita mwezi kapena iwiri, penti idakapuma, ndipo m'masabata amenewo galimoto isaime pansi pamtengo umene nkhunda zimagona.