Funsani wodwalayo, osati womuperekeza

Ana anga a m'zipatala za mu Lusaka muno, anamwino, madokotala ndi inu olemba makhadi, tandimverani. Ndikudziwa kuti mzere umayamba kusanache ndipo inu ndinu ochepa. Koma kutopa sikukupatsani chilolezo chonyoza munthu.

Munthu walowa pa njinga ya olumala, ali pamaso panu, inu n'kutembenukira kwa mwana womukankha: "Chikuwavuta n'chiyani awa?" Kodi miyendo ndiyo imayankhula? M'mimba mukupotamo ndi mwake. Mupatseni moni monga munachitira ndi bambo wa taye uja, mumufunse mwini wake.

Kusikelo ndiye kumandipweteka mtima. Mayi wolumala akabwera ndi pakati, ena mumayamba kutsinana, mpaka kumufunsa kuti, "Ndani wakuchita zimenezi?" ngati kuti iye sangakondedwe kapena kumanga banja. Mayi wotere sabwereranso. Mimba imafika tsiku lake osayezedwa magazi, ndipo zikavuta mumati ndi wosasamala. Munamuthamangitsa ndinu.

Wosamva mumamuitana ndi pakamwa, dzina lake n'kudutsa, iye ali phee pa benchi mpaka dzuwa kupendeka. Akalowa, zotsatira za HIV mukuuza kamwana ka mlongo wake kuti kamasulire ndi manja. Chinsinsi chili kuti pamenepo? Funani wamkulu wodziwa chinenero chamanja, kapena lembani papepala. Wosaona musamupatse mankhwala n'kumati "zalembedwa pamenepo." Mugwiritseni mapilisiwo, amve kusiyana kwake, mumuuze akummawa ndi amadzulo.

Izi si zopempha ayi. Zambia inavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala mu 2010, ndipo mu 2012 tinakhazikitsa lamulo la Persons with Disabilities Act loletsa tsankho lotere.

Nanunso a pamzere, mumang'ung'udza chiyani wa ndodo akapatsidwa mpando? Lungalunga n'pobadwa, chilema chichita kudza. Sitiroko, shuga ndi ngozi za minibasi pa Great East Road zasintha anthu ambiri amene ankathamanga.

Achibale operekeza, lekani kuyankhira munthu wamkulu. Adokotala akayamba kufunsa za m'thupi, mufunseni ngati akufuna kuti mutuluke. Akanyozedwa musangoti "zisiyeni." Kaonaneni ndi sisitala woyang'anira tsiku lomwelo, ndipo zikakanika pitani nayo nkhaniyo ku Zambia Agency for Persons with Disabilities, bungwe la boma loona za anthu olumala.