Ululu wa m'chiuno ndi m'miyendo usadikire tsiku la m'buku

Maganizo anga ndi akuti ife amene tikudwazika mayi kapena bambo odwala khansa timachedwa kwambiri kunena za ululu wa m'chiuno ndi m'miyendo. Kholo likadandaula kuti ntchafu ikuphwanya, timathamangira kunena kuti ndi nyamakazi kapena ukalamba, tikatero timagula Panado ndi Brufen pagolosale n'kumadikira tsiku limene adokotala adalemba m'buku la kuchipatala. Makolo nawonso amabisa, makamaka ululu ukakhala wa pachinena, poti si chapafupi kuti mayi atchulire mwana wawo wamwamuna malo amenewo.

Komatu nthawi zambiri ululuwu umachokera ku matenda omwewo. Khansa ya khomo la chiberekero, imene imapha amayi ambiri m'Malawi muno kuposa khansa ina iliyonse, ikakula imafinya mitsempha ya m'chiuno yotsikira kumwendo, ndipo ululu umayenda kuchoka m'thako mpaka kuphazi. Imathanso kutseka njira zimene mkodzo umadutsa pochoka ku impso, ndipo apa m'pamene Brufen womwa tsiku ndi tsiku popanda uphungu wa dokotala amawonjezera vuto pa impso zovutika kale. Kwa abambo, khansa ya prostate, kachiwalo kamene kali pansi pa chikhodzodzo, imakonda kufalikira ku mafupa a msana, a m'chiuno ndi a ntchafu, moti fupa lotero limatha kuthyoka ngakhale munthu atangoterereka pang'ono kubafa.

Chimene chimandidetsa nkhawa koposa ndi ichi: bambo amene amayenda okha dzana akayamba kukoka miyendo, kumva dzanzi, kapena kulephera kukodza ndi kudziletsa chimbudzi, n'kutheka kuti chotupa chapanikiza mtsempha waukulu wa mumsana. Pamenepa kuchedwa ndi masiku ochepa chabe kungachititse kuti asadzayendenso. Chimodzimodzi mwendo umodzi ukatupa, n'kumatentha ndi kupweteka, mwina magazi aundana mumtsempha, zimene zimachitikachitika kwa odwala khansa. Chizolowezi chathu chothowa ndi kutikita mwendo wotero si chabwino ayi, ndipo wodwalayo akayamba kubanika, apite kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.

Ndikudziwa kuti kunyamula kholo losayenda kuchoka ku Area 25 kapena ku Likuni kupita ku chipatala cha Kamuzu Central kumafuna galimoto yahayala, pamene ndalama zidatha kalekale ndi maulendo am'mbuyomu. Sindikupeputsa zimenezo. Komabe achibale akamasonkha, asonkhere ulendo uwu poyamba, zakudya zokaonera wodwala zibwere pambuyo.

Palinso mantha amene tili nawo pa morphine, mankhwala amphamvu ochepetsa ululu. Magadiyani ambiri amaukana poganiza kuti ndi mankhwala a munthu amene watsala pang'ono kutisiya, pamene morphine wamadzi, akamwedwa pa nthawi ndi mlingo umene achipatala anena, amathandiza munthu kugona, kudya ndi kukhala pakhonde n'kumacheza ndi adzukulu. Vuto lake lodziwika ndi kudzimbidwa, choncho pemphani mankhwala ofewetsa m'mimba tsiku lomwelo.

Mukalowa kwa adokotala musangoti amayi akumva kuwawa. Nenani pamene ululu ukuyambira ndi pamene ukuthera, ngati ukuwadzutsa usiku, ngati mwendo watupa, ndiponso mmene akukodzera. Ngati amayiwo akuchita manyazi pamaso panu, tulukani, alowe ndi achemwali awo kapena alankhule ndi anamwino paokha.