Bokosi likuti 65W, foni ikudzaza mokwawa

Zatopetsa izi. Tchaja ailemba 65W (mawati, muyeso wa mphamvu yake) pabokosi, foni ikutha maola atatu isanadzaze, wogulitsa n'kumati vuto ndi batire. Batire lalakwanji? Kuti idzaze msanga, Samsung imafuna tchaja ya PD (njira yotchajira mwachangu) yokhala ndi PPS (luso losintha mphamvu molingana ndi zomwe foni ikufuna). Popanda PPS, 25W simuiona, mungokhala pa 15W. Samsung ya 45W nthawi zambiri imafunanso chingwe cha 5A (chopirira magetsi ambiri), osati cha 3A chija amangokuponyerani m'jumbo. iPhone imakhutira ndi PD ya 20W. SuperVOOC, njira yotchajira mwachangu ya Oppo, imathamanga ndi tchaja yake ndi chingwe chake basi. Bwanji sakuuzani zimenezi musanalipire? Tembenuzani tchajayo, muwerenge tizilembo ta Output, tosonyeza magetsi omwe imatulutsa. Pakangolembedwa 5V 2A, imeneyo ndi 10W, kaya bokosi likufuula zotani. Ikapepuka ngati khoko la mtedza, n'kumatentha m'dzanja, ibwezeni pomwepo.