Tamverani a ku Mtandire, a ku Ndirande ndi a ku Mbayani: lekani kugulitsa voti

Wakutsina khutu ndi mnansi, ndiye musandikwiyire ana anga. Ndikulankhula ndi inu alonda, inu amayi ochapa ndi kukolopa m'nyumba za ena, inu akabaza ndi mavenda, inu othyola tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje. Khalidwe limene ambiri anaonetsa pa kampeni ya chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025 ndi lochititsa manyazi. Anthu aimvi kupsa ndi dzuwa tsiku lonse kudikira kuti bwana akatha kulankhula agawe kandalama ka sopo. Anyamata kulalata kuti wobwera chimanjamanja asayerekeze kuchititsa msonkhano m'dera lawo. Mwayamba liti kudzitchipitsa chonchi?

Taonani mmene tikukhalira. Mtandire ndi Area 47 ndi madera oyandikana. Mlonda amanyamuka wapansi madzulo kukachezera pageti la nyumba imene ili ndi thanki ya madzi ndi jenereta. M'mawa akabwerera apeza mkazi wake akadali pamzere pa kiyosiki, ndowa zili mbweembwee. Mwana wa bwana akadwala amathamangira naye kuchipatala cholipira, zikavuta amakwera ndege wa ku South Africa kapena ku India. Mwana wa mlonda amangopatsidwa kapepala kuti mankhwala akagule ku famase. Anthu awiriwa salingana pa chilichonse, kupatula tsiku limodzi pa zaka zisanu. Patsiku limenelo voti ya mlonda ndi ya bwana zimawerengedwa chimodzimodzi, imodzi imodzi. Ndiye chinthu chokhacho chimene mumafanana nacho ndi olemera n'chimene mukusinthanitsa ndi paketi ya shuga?

Musanamizidwe kuti ndi chifundo. Lamulo la zipani la 2018 limaletsa wopikisana nawo kugawa ndalama ndi katundu pofuna kukopa mavoti. Amene amagawabe amadziwa chimene akuchita. Akugula chete wanu wa zaka zisanu. Mukadzapita kukadandaula za ngalande yotsekeka, mumtima mwake amati tinathana kale. Ndipo kumuchotsa pakati panjira simungathe, chifukwa gawo 64 la malamulo aakulu a dziko lino, limene linkapatsa anthu mphamvu yochotsa phungu wosagwira ntchito, aphungu analifafaniza mu 1995. Mukalakwitsa tsiku limodzi, mulira mpaka chisankho china.

Kulirako ndi kwenikweni. Kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700, ndipo inasautsa kwambiri kumene kulibe madzi abwino ndi zimbudzi zolongosoka. Namondwe wa Freddy atafika mu Malichi 2023, matope ndi miyala zochokera m'phiri la Soche zinakwirira mabanja ku Chilobwe usiku. Anthu aja sanamange m'mphepete mwa phiri chifukwa chokonda kuona mzinda patali. Malo abwino ndi okwera mtengo, ndipo kwa zaka zambiri panalibe wolabadira kuti wosauka wa m'tauni akhale kuti. Maliro amenewo tinalira tonse, koma kampeni itafika ndi angati anafunsa ofuna mipando za malo okhala ndi ngalande? Ambiri tinafunsa kuti atibweretsera chiyani lero.

China chimene chimandipweteka ndi kunyozera voti ya khansala. Aliyense maso pa pulezidenti, pepala la khansala kungochonga mwachisawawa dzina osalidziwa. Chikhalirecho zinyalala za pamsika, misewu ya m'malokeshoni ndi zimbudzi za pa depoti ndi nkhani za khonsolo. Achinyamata mwina simukudziwa kuti kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino linakhala lopanda makhansala, ndipo wosauka analibe pokadandaula pafupi. Lero alipo, nambala zawo za foni mulibe, ndalama za chitukuko cha m'madera (CDF) zapita kuti m'dera lanu simufunsa.

Ndiye pali ena odzitcha ochenjera, amene amati kuvota n'kutaya nthawi, onse ndi amodzimodzi. Kalembera akafika ali ku bawo, chiphaso cha unzika chinatayika kalekale osachilondola. Kumbukirani 2019. Mapepala a zotsatira anapakidwa tipeksi, anthu anayenda m'misewu miyezi yambiri, ena anavulala, ena anataya miyoyo. Pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu anathetsa chisankho cha pulezidenti, ndipo tinavotanso pa 23 Juni. Kuchokera pamenepo wofuna kukhala pulezidenti ayenera kupeza mavoti oposa theka. Sangadalirenso chigawo cha kwawo chokha. Akufunika Bangwe, akufunika Kauma, Chinsapo ndi Mchengautuwa. Mphamvu ya malokeshoni inakula pamenepo, inu n'kumaisiya pansi chifukwa cha ulesi woima pamzere.

Kwa inu anyamata amene mumakwezedwa pamalole, kupatsidwa kachasu ndi zikwanje kuti mukasokoneze msonkhano wa chipani china: amene mukukamutemayo ndi wakabaza mnzanu, wa lendi ngati inu nomwe. Ana a amene wakutumaniyo ali kusukulu kunja. Mukamangidwa, amene adzayende ndi kontena ya nsima kupita ku Maula kapena ku Chichiri ndi mayi anu, ndipo foni ya bwanayo idzakhala yozima.

Inunso atsogoleri a mipingo ndi mafumu a m'tauni, lekani kulandira maenvelopu usiku n'kumadzauza anthu m'mawa kuti Mulungu wakuonetsani woyenera kumuvotera. Itanani phungu ndi khansala wa dera lanu chaka chino chomwe, akhale pamaso pa anthu, afotokoze kuti mpopi uja analonjeza ufika mwezi uti.