Nyimbo yake ili m'mlengalenga, mwiniwake anafera m'bwinja

Usiku wathawu ndamvetsera katatu nyimbo ya Blind Willie Johnson, woimba wachikuda wosaona wa ku America, yotchedwa "Dark Was the Night, Cold Was the Ground". Mulibemo mawu. N'kubuula kokhakokha, gitala n'kumavomera ngati mayi amene wakhala pafupi ndi namfedwa. Anaijambula mumzinda wa Dallas ku Texas mu Disembala 1927.

Anthu akamatchula bamboyu amathamangira nkhani ya zombo za m'mlengalenga zotchedwa Voyager, yoti mu 1977 a NASA, bungwe la America lofufuza za m'mlengalenga, anaika nyimboyi pa chimbale chagolide chomwe anachitumiza m'mlengalenga pamodzi ndi za akatswiri opeka nyimbo Bach ndi Beethoven. Amaikamba mokondwa, ngati kuti pamenepo ngongole yonse inabwezedwa. Ineyo zimenezi zimandiwawa mumtima.

Johnson anabadwira ku Texas mu 1897, mayi ake n'kumwalira iye akadali wamng'ono. Mkazi wake anasimba kuti ali ndi zaka 7, mayi omupeza, atakangana ndi bambo ake, anamuthira kumaso mankhwala owotcha opangira sopo, maso n'kuthera pomwepo. Anakula akuimba ndi kulalikira m'misewu, kachitini koponyamo ndalama atakamangirira kugitala. Kuyambira 1927 mpaka 1930 anajambula nyimbo 30 ku kampani ya Columbia, ndipo anthu ankazigula ndithu. Chuma cha America chitagwa, sanajambulenso.

Chaka chimene chandisowetsa tulo ndi 1945. Nyumba yake mumzinda wa Beaumont, ku Texas komweko, inapsa. Posowa kolowera, anapitiriza kugona m'bwinja lomwelo, pa zogonera zonyowa atayalapo nyuzipepala. Tangoganizani, munthu wosaona akufufuza ndi manja m'makala a nyumba yake kuti apeze potsamira mutu! Kenako malungo anamugwira, malungo omwewa timawadziwafe. Mkazi wake anapita naye kuchipatala koma anakabwezedwa, akuti chifukwa chosaona. Ine ndikukhulupirira kuti ku Texas kwa masiku amenewo, komwe tsankho linali lolembedwa m'malamulo, zinamutsekera khomo ndi ziwiri: khungu la m'maso ndi khungu la pathupi.

Chimene bamboyu ankasowa chinali bulangete louma ndi bedi limodzi m'chipatala, ndipo panalibe anamupatsa. Anamwalira pa 18 Seputembala 1945 ali ndi zaka 48, n'kuikidwa popanda mwala wa dzina lake. Chikumbutso chake ku Beaumont anadzachiimika mu 2010, patadutsa zaka 65, malo enieni amene anagonapo atasowa kale.