Tichepetseko eko, abale

Lamlungu lapitali ndinakhala kumbuyo kwenikweni m'tchalitchi china ku Rosettenville, ku Joni kuno, komwe timasonkhana Amalawi ambiri. Kwaya inaimba ndi mtima wonse, koma mawu a nyimbo sindinamve ngakhale limodzi. Holo yake ndi ya makoma a simenti, pansi matailosi, pamwamba malata, ndiye mnyamata wa pa mikisa n'kupotokolanso batani la eko mpaka kumapeto. Abusa akati "Aleluya", mawuwo amatsala akuzungulira m'holomo iwo ali kale pa vesi lina.

Ife timangoti zonse ndi eko, koma n'zosiyana. Eko yeniyeni ndi ija umakuwa paphiri mawu n'kubwerera paokha. Reverb ndi mchira wa mawu. Phokoso limathamanga mamita pafupifupi 343 pa sekondi, limagunda khoma, denga, pansi, n'kubwerera kambirimbiri mothinana moti khutu silingawerenge. Holo ija inali nayo kale reverb yakeyake, yaulere. Kuwonjezerapo ya m'makina kunali kuthira mchere mu ndiwo zoti zawawa kale.

Kale makina opangira reverb anali ovuta kupeza. Amodzi mwa makinawa, EMT 140 ya mu 1957, inali chitsulo chachikulu chopyapyala chomangika m'bokosi lolemera makilogalamu oposa 250, ndipo studio imafunika kukhala ndi malo ochiikapo. Manfred Schroeder wa ku Bell Labs, malo a kafukufuku ku America, ndiye anaonetsa mu 1962 momwe kompyuta ingatsanzirire chipinda, kenaka mu 1976 kunatuluka EMT 250 ya digito. Lero aliyense amene ali ndi pulogalamu yopangira nyimbo ya FL Studio pa laputopu ali nayo reverb, ina ngati Valhalla Supermassive njaulere. Ndiye poti siigulidwa, tikuthira ngati madzi a pamjigo.

Mwezi watha mphwanga wina wa ku Yeoville anandibweretsera nyimbo yoti ndimusakanizire. Anaijambulira m'chipinda chomwe amagona, chopanda ndi katani yomwe. Akuti, "Achimwene, thiraniko eko yambiri imveke ngati ya mu studio yaikulu." Ndinamuuza kuti tibwerezenso kujambula. Tinatsegula wadilopu, iye n'kuima moyang'ana zovala, kumbuyo kwake tinapachika bulangeti pachitseko, matilesi tinatsamiritsa kukhoma. Anatuluka thukuta lili kamukamu, koma mawu anali oyera. Pamenepo m'pomwe ndinaika reverb, pang'ono chabe: mchira wosafika masekondi awiri, pre-delay ya mamilisekondi 40 kuti liwu liyambe lamveka mchira usanabwere, n'kudula mabesi onse mu reverb-mo. Log drum, ng'oma ya mabesi ija ya mu nyimbo za amapiano, yomwe anaikamo sindinaikhudze, imeneyo ukaithira reverb imasanduka phala.

Chimene chimandiwawa n'chakuti nyimbo zathu mphamvu yake ili m'mawu. Munthu ali ku Joni kuno akuimba za lendi, za mapepala, za ana omwe anawasiya kumudzi, ndipo omvera ake ambiri amvera pa foni nyimbo itadutsa pa WhatsApp, kapena mu taxi ya pa renki ya Bree yodzaza phokoso. Pa sipika kakang'ono ngati kameneko reverb yambiri imameza "nd", "mb" ndi "ng'" yense, kumangotsala "aaa" ndi "eee". Komanso amene akuphonya kiyi, reverb siimubisa ayi, imangotalikitsa cholakwacho ndi masekondi ena atatu.

Mphwanga uja anatumiza nyimboyo kwa mayi ake ku Dedza. Anamuimbira foni usiku womwewo kumufunsa kuti mtsikana amene akumutchula mu vesi lachiwiri ndi mwana wa ndani.