Nyimbo ya ku Korea imene ndimaisungira usiku

Anzanga ambiri mukamva za K-pop mumangoganiza za anyamata akudumpha nthawi imodzi, magetsi ali phethiphethi, ng'oma ikuthamanga ngati yaona moto. Zimenezo zilipo, sindikukana. Koma ine chimene chinandigwira mtima ndi nyimbo zawo zoyenda pang'onopang'ono zija, za R&B, ndipo ndikuti kumeneko n'kumene kuli luso lenileni.

Tengani "UN Village" ya Baekhyun, wa gulu la EXO. Inatuluka mu Julaye 2019 pa chimbale chake choyamba kuimba payekha, City Lights. Dzina la nyimboyo ndi la dera la anthu achuma ku Hannam-dong mumzinda wa Seoul, pachitunda choyang'ana mtsinje wa Han. Nkhani yake ndi yochepa kwambiri: mnyamata akupita ndi wokondedwa wake pachitundapo usiku kuti akaonere limodzi mwezi. Basi.

Koma kamvekedwe kake, abale! Bezi imayenda chapansipansi ngati munthu amene sakufuna kudzutsa ogona m'nyumba. Ng'oma sithamangira kulikonse, imagunda n'kudikira, kugundanso n'kudikira, ndipo pakudikirapo m'pamene thupi limayamba kugwedezeka lokha, mapewa kaye, kenako mutu. Ndiye mawu. Baekhyun amatha kukweza mawu mpaka denga, amene munamumvapo mu EXO mukudziwa. Apa sakufuna. Akuimba chonong'ona, mpweya ukumveka kumapeto kwa liwu lililonse ngati ali pafupi ndi khutu lako, kenako n'kukwera pang'ono ndi timawu topyapyala, n'kutsikanso msanga usanakhute. Kudziletsa kumeneko n'kumene kumandipha ine. Woimba amene ali ndi mphamvu koma n'kusankha kuibisa amandikoka kuposa amene akundionetsa zonse pa mphindi yoyamba.

Wina anandifunsa kuti, "Nanga Chikoreya ukuchimva?" Ayi, ndimangotola timawu tachingerezi tomwe amaponyamo apa ndi apo, zinazo ndinachita kuwerenga. Koma munthu akamakufunsira mofatsa, kodi suzindikira ndi kamvekedwe ka mawu ake asanamalize n'komwe?

Ena amati izi n'zongotengera kwa anthu akuda a ku America. Muzu wake ulidi kumeneko, ndipo oimba a ku Korea ayenera kumavomereza poyera. Chikhalirecho R&B sinafike dzulo ku Seoul. Gulu la Solid linkaimba kale mtundu umenewu m'zaka za m'ma 1990, ndipo m'zaka zonsezi aupatsa fungo lawolawo, la mzinda wozizira, msewu wopanda anthu, galimoto ikuyenda mwakachetechete.

Chonde musaimvere pa sipika ya foni muli mu minibasi, mudzati ndikunama. Dikirani aliyense agone, zimitsani getsi, valani mahedifoni, ndipo mutchere khutu pomwe akupuma asanayambe korasi yachiwiri.